Tsamba la a Marita

Kwa Kabudula,
9 Febuluwale 2018

Wokondedwa mng'ono wanga Tiyanjane,

Kuno tili bwino, kupatula abambo amene bondo lawavuta chiyambire mvula, koma za chipatala safuna kumva. Akuti mphunzitsi wopuma amadziwa yekha matenda ake. Kaya iwe ku Sikotilandiko, chisanu chakusiyira zala zingati?

Katundu wako wafika. Anabwera naye a Rhoda, anamwino aja amagwira ntchito kumeneko, ndipo ananditumizira uthenga kuti ndikatenge ku Nsaru. Ndinakwera kabaza mtima uli m'mwamba, ndikuti mng'ono wanga wandikumbukira ndi nsapato. Kutsegula, ndikupeza nsalu yoyera mamita khumi, zitini ziwiri za inki yakuda, timipeni tosemera, mphira wosemapo, ulusi wonyezimira ngati ndevu za tonde wokalamba, ndi kabokosi kamawaya.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ngati ndamva bwino, yunivesite yako ikufuna kukupatsa udokotala chifukwa cha buku lopanda mapepala. Amayi a Chigwirizano khumi ndi awiri aseme zithunzi, azidinde pa nsalu, aliyense tsamba lake, ndiye ine ndisoke masambawo motsatizana m'litali, akhale buku lopindapinda. Munthu akakhudza tsamba, tsambalo limulankhule. Tiya, zaka zitatu zimene ndinakhala ku Zomba ndikuphunzira zojambula, tinkadinda pa mapepala a simenti ndipo panalibe wotitchula ofufuza. Ndinasiya kuti ndidzadwazike amayi, iwe uli Sitandade 6 ukunyambita mamina. Lero ukundilembera masamba atatu a "luso lochitira limodzi" ngati ukuphunzitsa nkhuku kupalasa.

Komabe ndichita. Osati chifukwa cha mapulofesa ako, koma ukapatsa wina aliyense ntchitoyi akudindira zoti ukachite nazo manyazi. Ndalama usatumize, sindine waganyu wako.

Kalatayi abambo akaijambulitsa pa shopu ya makompyuta ku Nsaru kuti ikupeze lero lomwe, ndipo zako azikatenga komweko. Foni usandiimbire. Pa foni umasakaniza Chingerezi ndipo ndimapsa mtima.

Ine mkulu wako,
Zione


Sikotilandi,
14 Febuluwale 2018

Achemwali anga,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Zala zonse khumi zilipo, kungoti ndimagona ndi masokosi awiriawiri. Abambo muwauze kuti bondo siliopa mphunzitsi, apite kuchipatala.

Za mamina ndavomera. Za nkhuku ndavomeranso. Kudinda ndinaphunzira poyang'ana manja anu, nthawi ija munkadinda mabaji a yunifomu pakhonde ine ndikukugwirirani nsalu. N'chifukwa chake za inki sindinenapo kanthu. Ndingonena za ulusi ndi kabokosi.

Ulusi wonyezimirawo umayendetsa magetsi ngati waya. Muusoke m'mphepete mwa masamba onse, mzere umodzi wosaduka kuyambira pa kabokosi mpaka tsamba lomaliza, ndipo pa tsamba lililonse kanthambi kake kalowe m'chithunzi. Kasokedwe kake ndajambula pa pepala lili m'envulopu ya m'katundu muja. Ukangoduka malo amodzi, buku lonse likhala chete. Mawu amakhala m'kabokosimo. Mukadina batani lofiira, mayi aliyense afotokoze chimene wasema, mphindi ziwiri zokha, m'mawu akeake. Musawakonzere zonena, achemwali, ndikukudziwani.

Chachikulu n'ichi. Oyesa adzandifunsa mafunso pa 21 Juni, bukulo lili patebulo. Zolemba zanga zonse zatsamira pa bukuli, popanda ilo ndilibe chowaonetsa. Chilolezo changa chokhalira kuno chikutha mu Julayi, ndiye tsiku lina silingapezeke. A Rhoda akamaliza kumangitsa nyumba yawo ku Nsaru akwera ndege pa 9 Juni, ndipo avomera kulinyamula m'manja. Pa positi ayi, chifukwa lidzakhala limodzi lokhalo pa dziko lonse.

M'envulopu momwemo muli mapepala a chilolezo. Mayi aliyense asayine kuti wavomera kuti chithunzi chake ndi mawu ake zidzaonetsedwe kuno.

Mundiperekere moni kwa a Marita. Kodi pakamwa paja akadali napo?

Ine mng'ono wanu,
Tiyanjane


Kwa Kabudula,
20 Epulo 2018

Tiya,

Tili moyo. Abambo anapita kuchipatala, osati chifukwa cha mawu ako koma bondo linawagwetsa kutsogolo kwa mpingo akuwerenga zolengeza. Chimanga chacha bwino. Iwe ukudya, kapena ukungowerenga?

Buku lako latha. Ndati "lako" mwa ulemu chabe.

Tinkakumana Lachinayi lililonse mapemphero a Chigwirizano akatha, kuseri kwa tchalitchi. Mphira wosemapo umene unatumiza unatha tsiku loyamba, chifukwa amayi ankasema ngati akusenda chinangwa. Ndinawauza kuti aliyense abwere ndi masilipasi akutha. Ukawapala pansi pake ndi mwala amasemeka bwino kuposa za kwanuzo, zimenezo ukalembe m'buku lako laudokotala. Makina osindikizira tilibe, tinkatikita kumbuyo kwa nsalu ndi supuni. Mayi busa anasema tchalitchi, monga ungayembekezere. Wina anasema manja akusoka fodya, wina bedi la kuchipatala, wina njinga ya mwamuna wake mwamunayo palibepo.

A Marita, mnzawo uja wa malemu amayi, anasema ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Ng'ombezo zikuoneka ngati agalu, koma ukawauza uchokapo wopanda khutu. Pojambula mawu anakayang'ana kabokosiko nthawi yaitali n'kufunsa, "Iwe Zione, kameneka kamamva Chichewa, kapena ndikalankhulire m'mphuno?"

Ndinati, "Kamamva, amayi, koma mphindi ziwiri zokha."

"Mphindi ziwiri? Mimba ya Lydia ndinayenda nayo miyezi isanu ndi inayi, ndiye mng'ono wakoyo akufuna ndiibereke pa mphindi ziwiri, eti?"

Analankhula mphindi zisanu ndi imodzi ndipo sindinawadule. Anafotokoza mmene anaberekera Lydia m'ngolo pa njira ya ku Nambuma, ng'ombe zitakana kuwoloka dambo, amuna awo akukwapula ng'ombezo kwinaku akulira kuposa khandalo. Kumapeto akuseka mpaka kutsokomola. Titasoka ulusi n'kukhudza ngoloyo, mawu awo anatuluka. Amayi anayi anathawa mpaka kumsewu. A Marita anakhala pomwepo, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mkazi ameneyu akulankhula zanzeru. Ngwa kuti?"

Mapepala ako a chilolezo ambiri anadinda ndi chala. Inki inali kale m'manja.

Bukulo akusunga a Marita m'bokosi lawo lachitsulo mpaka a Rhoda adzanyamuke. Lili ndi loko. Usafunse zambiri.

Ine,
Zione


Kwa Kabudula,
8 Meyi 2018

Tiya,

A Marita atisiya. Anagwa Loweruka m'munda akukumba mtedza, pofika nawo kuchipatala anali atapita kale. Tinawaika dzulo. Amayi a Chigwirizano anadzaza njira kuchokera pa tchalitchi mpaka kumanda.

Ndinasambitsa nawo thupi, monga iwo anasambitsira amayi athu iwe uli kusukulu yogonera komweko. Pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu panali inki. Akuti ankadindabe ngolo yawo ija pa nsalu iliyonse ya m'nyumba, ngakhale pa thumba la ufa. Sindinaichotse.

Lero sindilemba zambiri.

Zione


Sikotilandi,
10 Meyi 2018

Achemwali anga,

Kalata yanu ndinaiwerengera m'chipinda chosindikizira, ndipo ndinalira mpaka mnzanga anazimitsa makina. A Marita ndi amene anandiboola makutu ndi munga ine ndikukuwa, iwo akundiuza kuti mkazi wolira pa zazing'ono adzasowa misozi pa zazikulu. Mundipepesere kwa ana awo, Lydia ndi Benedicto. Kodi Benedicto anakwanitsa kubwera kuchokera ku Joni? Nanga inu amene mwasambitsa, akukupepesani ndani?

Ndikuchita manyazi kulemba izi manda asanaume, koma muyenera kundimvetsa. Anthu akangobalalika, mukatenge buku lija mukalisiye kwa a Rhoda, kuti mtima wanga ukhale pansi. Kwatsala mwezi umodzi.

Ine wanu,
Tiyanjane


Sikotilandi,
24 Meyi 2018

Achemwali,

Masabata awiri opanda yankho. Ndaimba foni kasanu ndi kawiri ngakhale munandiletsa. A Rhoda akuti anakutumizirani uthenga, inu munangoyankha kuti "buku lilipo", basi. Lilipo kuti? Kuchokera kwathu kufika kwa a Marita ndi mphindi khumi pansi. Mapepala a chilolezo muli nawo m'manja. Chikukulepheretsani n'chiyani?

Ndinena chimene ndakhala ndikuopa kunena zaka zonsezi. Chilandirireni kalata yondiitana kuno, simunanenepo ngakhale kamodzi kuti "wachita bwino". Kalata iliyonse mumandikumbutsa za Zomba. Ndimaseka nanu chifukwa ndinu achemwali anga, koma zimalasa. Sindinakupempheni kuti musiye sukulu. Ndinali mwana. Ngati mukufuna kuti nanenso ndibwere kumudzi wopanda pepala kuti tifanane, ingonenani, ndisiye kuvutitsa a Rhoda.

Zaka zinayi za moyo wanga zili mu nsalu imeneyo.

Tiyanjane


Kwa Kabudula,
27 Meyi 2018

Mwana wanga Tiyanjane,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Bondo likuchira pang'onopang'ono. Ndikhulupirira kuti nawenso uli bwino m'thupi, poti mumtima ndaona kale kuti suli bwino.

Kalata yako ya pa 24 ndinaiwerenga. Usadabwe, wa pa shopu amangosindikiza osaika m'envulopu, ndipo ulendo wochokera ku Nsaru ndi wautali. Mkulu wako anaiwerenga, anaipinda kanayi, n'kupita kukatsuka mbale zotsuka kale. Sakuyankha, ndiye ndiyankha ine.

Wakhalitsa kunja mpaka waiwala za kwanu. Munthu akamwalira, katundu wake sagwiridwa mpaka ana onse atasonkhana kudzagawana. Tsiku lomwe a Marita anatsirizika, bokosi lawo lachitsulo linatsekedwa ndipo kiyi anatenga a Bester, alongo awo, amene ndi mwini mbumba. Buku lako lili m'bokosimo. Benedicto sanafike pa maliro, ali ku Joni, ndipo sabata iliyonse amati akunyamuka mawa.

Zione wapitako katatu. Ulendo woyamba anapita ndi mapepala ako. A Bester anawerengeredwa bwinobwino n'kuyankha kuti, "Pepalali likuti mawu a mlongo wanga akamveke kunja. Silikuti bokosi lake litsegulidwe ana ake palibe. Lero nditsegule mutenge buku, mawa Benedicto adzati munatengamonso china, ndidzamuyankha chiyani?" Ine monga mkulu wa mpingo sindingati analakwa. Ulendo wachiwiri mkulu wako anapita ndi pakamwa pake, ndipo zimene ananena sindingazilembe. Ulendo wachitatu anapita ndi nkhuku kukapepesa, anagwada pabwalo anthu akuona. Mwana ameneyu ndakhala naye zaka makumi anayi, kugwadira munthu sindinamuonepo. A Bester nkhuku analandira, kiyi anasunga.

Lydia anamumvera chisoni n'kumunong'oneza kuti athyole loko mwakachetechete. Zione anakana. Anati sangabe m'bokosi la munthu amene anasambitsa amayi ake.

Mwina ukufunsa chifukwa chimene bukulo linapitira kumeneko. Denga la nyumba ya mkulu wako likudontha malo atatu, ndipo makoswe anadya kale zojambula zake zonse za ku Zomba. Anaopa kuti angadyenso zako. Sanafune kuti udziwe mmene akukhalira, ndipo tsopano akudziimba mlandu kuti kunyada kwake ndi kumene kwakutsekera buku. N'chifukwa chake ali chete. Si zimene waganizazo.

Ndamuimbira Benedicto ndekha. Ndinamuphunzitsa Sitandade 4, mawu anga akuwakumbukira.

Ine bambo wako,
Duncan Kalimbira


Kwa Kabudula,
8 Juni 2018

Tiya,

Moni. Ndamva kuti abambo akuuza za denga langa. Atatsika kabaza anandipatsa moni mwaulemu kwambiri, ndinadziwiratu kuti andigulitsa.

Benedicto anafika Lamulungu ndi chikwama chachikulu ndi Chizulu pakamwa. Lachiwiri m'mawa anayala mphasa pansi pa mango, a Bester anatulutsa kiyi m'thumba la jekete ngati akutulutsa mgonero. Zitenje zinapita kwa Lydia ndi azakhali ake, Baibulo kwa Benedicto, yunifomu ya Chigwirizano kwa mayi busa kuti adzapatse wosowa. Pansi penipeni panali buku, lokulungidwa m'nsalu ya patebulo.

A Bester analinyamula ndi zala ziwiri. "Ichi ndi chimene chandidyetsa mwano mwezi wathunthu?"

Ndinati, "Ndi chimenecho, amalume. Si cha malemu okha, ndi cha amayi khumi ndi awiri."

"Nanga cha mlongo wanga ndi chiti?"

Ndinatambasula pa mphasa n'kuloza ngolo. Lydia anakwatiwa ku Msundwe, sanakhale nafe pa ntchitoyi, ndiye sankadziwa kanthu. Anangosisita ng'ombe zija ndi chala n'kunena kuti, "Koma amayi, agalu awa?" Pomwepo a Marita anayamba kulankhula.

Tiya, mphindi zisanu ndi imodzi zija palibe anatsokomola. Lydia anamva kubadwa kwake kuchokera pakamwa pa amayi ake. Pamene a Marita anayamba kuseka, Benedicto ananyamuka n'kupita kuseri kwa nyumba, Chizulu chonse chitathawa. A Bester anavula chipewa.

Kenaka anagamula, ndipo ndinene zoona, anagamula bwino. Anati masamba khumi ndi limodzi eni ake ali moyo, apite kumene eniwo anavomera. La ngolo ndi katundu wa malemu, ndipo likhale la Lydia poti likunena za iye. Ine ndinaimirira n'kuyamba kutsutsana nawo za mayeso ako, za ndege, za Julayi. Ndili m'kati molongolola, sindinaone kuti Lydia watola sizasi ya amayi ake m'bokosi momwemo. Ndinangomva nsalu ikulira. Anadula bwino, mowongoka, mbali zonse ziwiri, ngati mwana wa munthu wodziwa kusoka. Anafungatira tsambalo pachifuwa n'kukhudza ngolo.

Zii.

Anakhudzanso. Anakanikiza ndi chikhatho chonse. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Achemwali, amayi apita kuti?"

Iye ankaganiza kuti mawu ali mu nsalumo. Akanaganiza bwanji zina? Ndinayenera kufotokoza ndisanatambasule, koma ndinali kalikiliki kufuna kugonjetsa nkhalamba pa mkangano. Ndinagwada pambali pake n'kumuonetsa ulusi woduka, ndi kabokosi kamene kanatsala ku mbali ya masamba enawo. Ndinamuuza kuti amayi ake ali m'menemo, pamodzi ndi anzawo onse.

Anati, "Ndiye ndipatseni kabokosiko."

A Bester anandiyang'ana ine. Onse anandiyang'ana ine. Kabokosi n'kamodzi. Ndikampatsa, iwe ulandira nsalu yosalankhula. Ndikakana, ndalanda mwana wamasiye mawu a amayi ake pa mphasa ya maliro.

Sindinamunamize. Ndinamuuza kuti ndili ndi mng'ono wanga mmodzi, wamwano, amene wadya chisanu zaka zinayi chifukwa cha nsalu imeneyi, ndipo popanda kabokosika abwera chimanjamanja. Ndinati ndikudziwa kuwawa kwake kobwera kumudzi chimanjamanja, sindifuna kuti akulawe. Ndinati akakana sindimutenga ngati woipa.

Lydia anayang'ana tsamba lija m'manja mwake. Kenaka anati, "Kapite. Koma ndabwereketsa, sindinapereke. Tiyanjane akabweretse yekha ndi manja ake, osati kutumiza. Ndipo amayi anga asakalankhule kwa azungu ine ndisanawamvenso."

Wamva? Mfundo ziwirizo ndavomera m'dzina lako, a Bester ndi mboni.

Zotsalazo ndi ntchito chabe. Buku linali zidutswa ziwiri, lonse lili chete, ulusi wako utatsala wosakwana chikhatho. Ndinasenda waya wa wayilesi ya abambo, m'kati mwake muli timawaya topyapyala ngati tsitsi. Ndinatipota pamodzi ndi ulusi wamba n'kulumikiza, pepala lako la kasokedwe lili pa bondo. Tsiku loyamba sizinatheke. Tsiku lachiwiri zinalankhula, koma mosokonekera: ukakhudza tchalitchi cha mayi busa kumatuluka mayi wa fodya uja akudandaula za kuledzera kwa mwamuna wake. Abambo anaseka mpaka bondo linayambiranso. Dzulo ndinapeza pamene ndinapingasa timawaya. Tsopano tsamba lililonse likulankhula ndi mwini wake. Mawu a a Marita ali m'kabokosimo koma sindinawalumikize pena paliponse.

Pamene panali ngolo pali msoko. Ndasoka ndi ulusi wakuda, woonekera. Sindinafune kubisa ngati panalibe munthu.

Lero m'mawa ndalipereka m'manja mwa a Rhoda ku Nsaru. Ndawauza kuti akaliika pansi pa ndege ndidzawapeza.

Za kalata yako ija. Nsanje ndili nayo, sindikana. Ndimadzuka nayo, ndimapita nayo kumunda. Koma nsanje yanga imadya ine ndekha, siidya mwana amene ndinamulera. Usadzandilemberenso zotero.

Ine mkulu wako,
Zione


Sikotilandi,
23 Juni 2018

Achemwali anga okondedwa,

Ndayamba kalatayi kanayi. Pepani. Ndinalemba ngati chitsiru, ndipo inu munali mutagwada pabwalo la a Bester chifukwa cha ine. Ndilibe mawu ena, pepani basi.

Muli bwanji? Nanga abambo, akumvera chiyani tsopano wayilesi itafa?

Buku linafika bwino. A Rhoda akuti sanagone m'ndege, analifungatira ngati khanda poopa inu. Nditalitambasula ndinaona msoko wakuda uja ndipo ndinakhala pansi. Mphunzitsi wanga anati tibise ndi kansalu koyera. Ndinakana.

Oyesa anali atatu. Anakhudza masamba onse, ndinamasulira mawu a amayi mmodzimmodzi. Mmodzi, mayi wachikulire wodziwa za nsalu, anatulutsa galasi lokulitsa n'kuyang'ana timawaya tanu nthawi yaitali. Anafunsa kuti waya wotere ndinagula kuti. Ndinati ndi wa wayilesi ya abambo anga, ndipo analumikiza ndi achemwali anga m'masiku atatu. Anafunsa kuti munaphunzira kuti. Ndinati ku Zomba.

Kenaka anafika pa msoko. Ndinafotokoza zonse, bokosi, kiyi, sizasi. Wina anati poti mawuwo ali m'kabokosi ndipo malemu anadinda chala pa chilolezo, ndiwatsegulire amve. Ameneyo, achemwali, ndiye anali wovuta. Ndinati ayi, mwini mawuwo tsopano ndi Lydia ndipo sanalole. Anandifunsa mafunso pafupifupi ola lathunthu pa yankho limenelo, thukuta likutsika m'chisanu muno.

Ndakhoza. Andiuza kuti ndiwonjezere mutu umodzi wofotokoza kuti ntchito yochitira limodzi imakhala ya yani mmodzi akamwalira. Ndikufuna ndilembe mawu a a Bester mmene ananenera, ngati angalole. Mukawafunse mwaulemu, chonde, osati ngati ulendo wachiwiri uja.

Nyumba ya mabuku ya pano inafuna kusunga bukuli. Ndawauza kuti ndi lobwereka. Ndikubwera nalo pa 28 Julayi, ndi kabokosi, ndi ulusi watsopano wokwanira. Pachikuto ndikufuna mayina a amayi onse khumi ndi awiri, ndi lanu. Ndilembe bwanji?

Ine mng'ono wanu,
Tiyanjane


Kwa Kabudula,
28 Juni 2018

Dokotala,

Moni. Abambo awerengera kalata yako aliyense amene wadutsa pa msewu, ngakhale wogula nkhumba. Lamulungu akufuna kuilengeza m'tchalitchi, ndawauza kuti akatero ndiwabisira ndodo.

Wachita bwino. Ndalemba kamodzi, usunge, sindibwerezanso.

Dzina langa ulembe Zione Kalimbira, wodinda ndi wosoka. Usaike kuti "wothandizira", ndikadzaona mawu amenewo ndidzadula tsamba lina. Liike pansi pa mayina a amayi, osati pamwamba. La a Marita likhale loyamba ngakhale tsamba lawo mulibe.

A Bester alola. Akuti ulembe kuti ananena ndi Bester Chimphonda, ndipo uwabweretsere chipewa cha kumeneko poti tsopano ndi munthu wa m'mabuku.

Dzulo ndinapita ku Msundwe kukauza Lydia tsiku lobwera iwe. Tsamba lija analipachika pa khoma pafupi ndi chitseko. Apongozi ake akuti m'mawa uliwonse asanapite kumjigo Lydia amalikhudza, ngakhale akudziwa kuti silinena kanthu. Ine ndinamupeza ataima pomwepo, chala chili pa ngolo, akukalipa: "Amayi, inuyo munayamba liti kusunga pakamwa?"

Ndinamuuza kuti kwatsala mwezi umodzi. Anati awauza amayi ake.

Usachedwe, Tiya. Ukatsika ku Nsaru usayambe wapita kwa abusa kapena kwa wina aliyense. Tidzapita ku Msundwe kaye.

Ine mkulu wako,
Zione